Chaka Chimene Amayi Analetsedwa Uzamba

Amayi anga anali mzamba. Ndili kamtsikana m'mudzi mwathu, chakumtunda kwa Kanyenda, sindinkadziwa kuti imeneyi ndi ntchito. Ndinkangoona ngati ndi chibadwa chawo, monga ena amabadwira amanzere. Munthu ankafika pakhomo ali wefuwefu, amayi n'kusiya khasu kapena munsi, kusamba m'manja, ulendo. Pobwerako ankakhala atapanira nkhuku m'khwapa kapena atasenza kalichero ka mpunga, ndipo masiku ena ankabwera chimanjamanja osadandaula.

Uzambawo anauphunzira kwa azakhali awo, koma boma nalo linaikapo dzanja. Ndili Sitandade 3 anaitanidwa kuboma kwa milungu ingapo, nabwerako ndi bokosi lachitsulo. Munali sizasi, magolovesi, ulusi womangira mchombo, epuloni ndi chikalata cha chidindo. Chikalatacho sankatha kuchiwerenga, poti sukulu yawo inali ya madrasa basi, koma ankachisunga mu pulasitiki pamodzi ndi chithunzi cha malemu bambo. Anthu a m'mudzi anaumba njerwa n'kuwamangira kanyumba kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ana ambiri a kwathu analirira koyamba mmenemo.

Nkhuku ndi mpunga wa uzamba ndizo zinandifikitsa Folomu 4. Nditakhoza, ndinalembedwa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu lomwelo. Ndinkayenda pa njinga m'midzi kuyeza ana pasikelo, kupereka katemera ndi kukumbutsa anthu za zimbudzi. Amayi ankanyadira yunifolomu yanga. Ankauza anzawo kumzikiti kuti tsopano m'nyumba mwawo muli achipatala awiri.

M'chaka changa chachinayi pantchito, alangizi tonse tinaitanidwa kuboma. M'holomo munali mkulu wina wochokera ku likulu, munthu wolankhula mofatsa. Anatiuza kuti amayi ambiri akufa pobereka, ndipo ambiri mwa iwo akufera m'midzi kapena panjira chifukwa chochedwa. Zimenezi sindikanatsutsa, poti maliro otere ndinali nditapitako kangapo. Kenako anati boma lasintha maganizo, azamba asiye kuchiritsa amayi, mayi aliyense azikachirira kuchipatala.

"Koma lamulo lokha silinyamula munthu pamphasa," anatero mkulu uja. "Musayambe n'kuopseza. Yambani ndi amuna, poti ndiwo amalamula za ulendo. Pitani kwa mashehe ndi abusa. Chitani zisudzo anthu aseke. Munthu akachiseka chinthu pagulu, amachita manyazi kuchibwerera."

Mawu amenewo ndinawalemba m'kope, n'kuwadula mzere kunsi. Anzanga ankangondiyang'ana cham'mbali, chifukwa onse ankadziwa kuti ndine mwana wa yani.

Masiku atatu ndinakhala nayo nkhaniyo osawauza amayi. Tsiku lachinayi ndinawatsatira amayi kudambo komwe anaviika chinangwa. Ndinawapeza ali m'madzi ofika m'mawondo, akuvuula chinangwa n'kumaponya kumtunda. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda.

"Amayi, kuboma kuja atiuza nkhani yolemera."

"Ndinaimva kale pa wailesi," anayankha osatembenuka. "Ndimadikira ndione ngati ituluke pakamwa pako."

Ndinafotokoza zonse mmene tinaphunzirira, za kutaya magazi, za mwana wopingasa, za matenda opatsirana. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anatuluka m'madzimo n'kupukuta manja pa nsalu yawo.

"Mwanangu, boma limene linandipatsa bokosi lija ndi liti?"

"Ndi lomweli, amayi."

"Ndiye linalakwa tsiku lija kapena lalakwa lero?"

Tinasenza chinangwa chija n'kubwerera kunyumba, wina patsogolo wina pambuyo.

Msonkhano waukulu unachitikira pabwalo la sukulu, Loweruka masana. Kunabwera anthu a midzi isanu ndi umodzi, ashehe, abusa a mipingo iwiri, mafumu ndi a komiti ya zaumoyo. Sewero ndinakonza ndine. Ndinatenga atsikana a gulu la achinyamata n'kuwaphunzitsa kwa mlungu wathunthu. Mmodzi anakhala mzamba. Anadzipaka phulusa kumutu, kupinda msana, n'kumadula mchombo wa chidole ndi chikwanje cha dzimbiri uku akufwenkha fodya n'kumayetsemulira pa mwanayo. Anthu anaseka mpaka ena kugwa m'mabenchi. Ine ndinali pambali kukondwa kuti uthenga walowa.

Chimene sindinachione pokonzekera n'chakuti mtsikana uja anamanga mpango mmene amayi ankamangira, mfundo chakukhutu lakumanzere, ndipo ankayenda mokoka mwendo ngati iwo. Sindinamuuze kutero. Koma mzamba amene iye ankamudziwa anali mmodzi yekha, yemwenso anamulandira iyeyo tsiku lobadwa. Nditatembenuka ndinaona amayi ali pamphasa pakati pa amayi anzawo, nkhope ili duu, akuyang'ana kutsogolo. Amayi omwe anakhala nawo pafupi ankabisa kuseka m'nsalu.

Sewero litatha, anthu anagwirizana zokhazikitsa lamulo la m'mudzi. Mayi akachirira pakhomo, banja lake lipereke mbuzi, ndipo mzamba amene wamuthandiza aperekenso mbuzi. Manja anakwera ambiri. Pamenepo amayi anapempha mwayi wolankhula. Anagwada kaye, kenako anaimirira.

"Ine sindikukana lamulo," anatero. "Ndingofunsa. Mtsinje wathu uja ukadzaza mwezi wa Febuluwale, mayi adzawolokera pati? Mwati azipita msanga akadikirire kuchipatala. Akagona pati, nanga ana otsala kunyumba adyetsa ndani? Namwino alipo mmodzi. Tsiku limene iye wadwala kapena wapita kumaliro, mayi wobwera pa njinga adzalandiridwa ndi yani?"

Mkulu wa komiti anayankha kuti boma likudziwa zonsezo ndipo likonza. Anthu anaomba m'manja. Amayi anakhala pansi. Madzulo ake anandipatsa madzi osamba monga mwa masiku onse, za sewero osatchulako. Mpaka pamene anamwalira sanandifunsepo za sewero limenelo, ndipo ine sindinapepese. Ndinkangoti ndidzapepesa tsiku lina tikadzakhala awiri.

Miyezi yotsatira, amayi obwera kudzachirira kuchipatala anachulukadi. Ena ankagona pakhonde la chipatala milungu iwiri, kuphika pa mafuwa kuseri kwa mpanda. Mashehe analalikira za nkhaniyi pa swala ya Lachisanu, ndipo amuna omwe kale ankati za kuchikuta si zawo anayamba kuperekeza akazi awo kusikelo. Akuluakulu athu anatiyamikira. Koma kunabukanso chinthu china: ana obadwira panjira. Mayi ankafika kuchipatala ndi khanda la tsiku limodzi, losambitsidwa bwino, mchombo womangidwa mwaluso, n'kunena kuti matenda anamupeza pansi pa mtengo wa mango akubwera kuno. Wobadwira panjira analibe mlandu wa mbuzi. Ine mfundo ya pamchombopo ndinkaidziwa, chifukwa ndinakula ndikuiona.

Kanyumba ka kuseri kanali kokiya, koma amayi ankasowa pakhomo mwadzidzidzi n'kunena kuti anapita kukazonda wodwala. Sindinkafunsa. Kuntchito akandifunsa ngati amayi anasiyadi, ndinkati anasiya. Ndinali ndi pakamwa pawiri, pa kuntchito ndi pa kunyumba, ndipo ponse ndinkanama.

Kenako inafika nyengo ya kampeni. Ofuna uphungu analipo angapo, koma awiri ndiwo anali ndi mphamvu. Wina ankalonjeza ambulansi ndi nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera. Winayo anaona kuti m'midzi muli madandaulo a mbuzi, ndiye anayamba kunena kuti akangopambana azamba abwerera pantchito, chifukwa ndi chikhalidwe chathu. Tsiku lina anatumiza galimoto kudzatenga amayi. Anawapatsa nsalu ya chipani, kuwakhazika pampando kutsogolo, n'kuwakweza dzanja pamaso pa khamu. Anthu omwe aja amene anaseka pabwalo la sukulu analulutira.

Atabwerako ndinawafunsa mmene zinayendera. Anapinda nsalu ija n'kuiika pansi pa mphasa.

"Wandikweza dzanja kawiri," anatero, "koma sanandifunse ngakhale funso limodzi la uchembere. Dzina langa lomwe anachita kunong'onezedwa. Iwe ndi anzako munandisandutsa chidole choseketsa, uyu wandisandutsa mbendera."

Anapambana ndi wa ambulansi uja. Maziko a nyumba yodikiriramo anakumbidwa, njerwa zinafika m'mawindo, ntchito n'kuima pomwepo. Ambulansi inabwera, koma inkatumikira dera lonse mpaka ku Dwambazi, ndipo mafuta ankavuta.

Dzinja la chaka chotsatira ndi limene linatisintha tonse. Kumapeto kwa mudzi wathu kunkakhala banja lina lachilendo. Mwamunayo ankadula nzimbe ku esiteti, kwawo kunali kum'mwera, ndipo kuno analibe mbale aliyense. Mkazi wake anali ndi pakati pachinayi. Kusikelo ankabwera, ndipo namwino anamuuza kuti mwezi ukakwana abwere adzadikirire, poti pa mwana wachitatu anataya magazi ambiri. Koma ana atatu akanawasiyira ndani? Mwamunayo akajomba kuntchito tsiku limodzi, ena ankadikira malo ake pageti.

Tsikulo linali Lachiwiri. Ine ndinali m'mudzi woyandikana nawo, ndikuyeza ana pansi pa mtengo, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndinangoona mayi wina woyandikana ndi banja lija akubwera chothamanga, nsalu ili m'manja.

"Akukuitanani mayi anu. Akuti siyani zonse."

Ndinapalasa njinga m'matope mpaka pakhomopo. M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la magazi. Khanda linali pambali, lamoyo, lokutidwa m'nsalu. Mayi wake anali gone pamphasa, milomo itayera, akupuma mothamanga. Nsengwa inali itakana kutuluka. Amayi anagwada pambali pake, akumusisita pamimba, manja ali magazi mpaka m'zigongono.

"Wachira nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Dzuwa likutuluka."

"Ndiye mpaka pano, amayi?"

"Ndinamuuza mwamunayu kalekale kuti akafune galimoto. Akuti tidikire pang'ono mwina ituluka, anthu angadziwe."

Mwamunayo anali pakhomo atagwira kumutu. Ankaopa mbuzi ziwiri, yake ndi ya amayi, ndiponso ankaopa kuti iye mlendo athamangitsidwa m'mudzi. Maola atatu anatha choncho. Ndinaimba foni kuchipatala. Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina kuboma. Tinazula chitseko cha nyumbayo, kumugoneka mayiyo pamenepo, amuna anayi n'kunyamula. Pamtsinje madzi anali m'chiuno. Amayi anawoloka nafe, dzanja limodzi lili pamimba pa mayiyo, linalo atagwira phewa langa. Pamsewu waukulu tinaimitsa lole yopanda katundu, ndipo dalaivala sanafunse zambiri.

Mayi uja anatisiya tisanafike kuchipatala. Ndinali nditamugwira dzanja, ndipo ndinamva pamene linalefuka. Amayi anamutseka maso, kumufunditsa nsalu yawo, n'kunena chapansipansi mawu amene timanena munthu akabwerera kwa Mwini wake, ngakhale mayiyo anali Mkhristu. Lole inapitirirabe mpaka pageti la chipatala chifukwa panalibe amene anakumbuka kumuuza dalaivala.

Maliro tinaika konkuno, poti ndalama yonyamulira thupi kupita kum'mwera panalibe. Mawa lake amayi anamasula mbuzi yawo yaikazi n'kuikokera okha kwa mkulu wa komiti. Iye anachita manyazi, nati zamaliro sitilipiritsa. Amayi anaimangirira pamtengo pakhomo pake n'kubwerera. Khanda lija analitenga n'kumalisamala kwathu, ndi mkaka umene chipatala chinkatipatsa, mpaka patatha miyezi isanu pamene mlongo wake wa bamboyo anabwera kudzatenga ana onse anayi.

Masiku amenewo amayi sankadya bwino. Tsiku lina tikupeta mpunga anayamba okha kulankhula.

"Kale ndikanamuona mayi uja mwezi wachisanu ndi chitatu, poyera, n'kumutumiza ndekha ndi kalata. Ndikanakuwa mudzi wonse n'kubwera ndi machira. Lamulo lanu landiphunzitsa kunong'ona." Anaika lichero pamiyendo. "Koma usaganize kuti ndikudziyeretsa. Ngakhale pakanapanda lamulo, magazi aja manja angawa sakanawaletsa. Ndaika amayi anayi m'moyo wanga, uyu wachisanu. Onse ndimawakumbuka. Ndinkati ndi chifuniro cha Mulungu. Mwina ena mwa iwo chinali chifuniro cha mtunda."

Patatha milungu iwiri kunabwera mlendo amene sitinkamuyembekeza. Anali namwino wamkulu wa pachipatala chathu, mayi wachikulire wochokera kumpoto, amene anali atangotumizidwa kumene kudera lathu. Anabwera wapansi, wopanda yunifolomu. Ndinamutulutsira mpando, koma anaukana n'kukhala pamphasa pafupi ndi amayi. Ine ndinkaganiza kuti wabwera ndi nkhani ya kupolisi.

"Amama, ndabwera kudzapepesa maliro," anatero m'Chichewa chake chokoka. "Ndiponso ndabwera kudzapempha. Ine ndili ndi mankhwala oletsa magazi, koma amayi a kuno sandiuza zoona. Amandiopa. Inu amakuuzani zonse, ngakhale zimene sauza amuna awo. Mankhwala ali kwa ine, makutu ali kwa inu. Tikapitiriza chonchi tiika wina."

"Ndiye mukufuna ndizikuululirani anthu?"

"Ayi. Ndikufuna muzibwera nawo. Mukafika musabwerere pageti. Mulowe, mukhale kumutu kwake, mumugwire dzanja. Ine ndizigwira ntchito yanga, inu yanu."

Amayi anamufunsa mmene amadziwira kuti mwana wagona mopingasa, ndipo namwinoyo anafotokoza. Amayi nawo anafotokoza njira yawo, akusonyeza ndi zikhato pamimba pawo. Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Chiyambire nkhani yonseyi, uyu anali munthu woyamba wa boma kuwafunsa amayi zimene ankadziwa, ndipo ine mwana wawo ndili m'gulu la amene sanafunse.

Kuyambira pamenepo amayi anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Sankanyamula chithunzi kapena chimkuzamawu. Ankangofika, kukhala pakhonde, kucheza za mvula ndi mpunga, kenako n'kumuuza mayi woyembekezera kuti, "Mwezi ukaoneka tinyamuke, ine ndikuperekeza." Apongozi ovuta ankalankhula nawo okha. Za ana otsala pakhomo anakonza ndi amayi a kumzikiti ndi a kumpingo kuti azisinthana kuwaphikira. Anakakamiza komiti kuti lamulo la mbuzi lisamagwire munthu amene waitana thandizo msanga, ndipo komiti inavomera mosavuta, poti imfa ija inali idakali m'mitima. Pamene chisankho china chinayandikira, phungu uja anabwera kudzaona nyumba yake yosatha ija. Amayi ndi anzawo makumi awiri anakamudikira pomwepo atakhala pa njerwa, osaimba nyimbo, osavina. Malata anafika mwezi womwewo.

Ana obadwira panjira anatha pang'onopang'ono. Sindinganene kuti amayi anasiya kufa, ayi, koma maliro a uchembere anayamba kukhala chinthu chodabwitsa, chimene anthu amafunsa kuti chalakwika n'chiyani. Kale sankafunsa. Amayi anga nawo anataya zambiri. Nkhuku ndi mpunga zinasiya kubwera, ndipo atsikana ongokula kumene ankawadziwa ngati agogo operekeza basi. Namwino wa kumpoto uja atasamutsidwa, amene anabwera m'malo mwake sankalola munthu wamba kulowa m'chipinda chochirira. Amayi sanakangane naye. Ankafika ndi mayi wawo, kumupereka pakhomo, n'kukhala pabenchi panja mpaka amve kulira kwa khanda.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, atatenga pakati, amayi anali atakalamba, maso akuchita nkhungu. Mwezi wachisanu ndi chinayi anamugoneka pamphasa n'kumupapasa pamimba. Anapapasa kawiri, n'kundiitanira panja.

"Uyu asachirire pano pafupi. Mwana wakhala tsonga, ndipo njira ndi yaing'ono. Mupite naye kuboma mawa lomwe."

Tinapita atatu pa minibasi. Adokotala atamuunika ananena zomwezo, ndipo anamuchita opaleshoni tsiku lachitatu masana. Ine ndi amayi tinakhala pabenchi ya simenti pakhonde. Anatulutsa tasibihi yawo n'kumawerenga mikanda, milomo ikugwedera. Namwino wina wachitsikana anatuluka n'kufunsa kuti abale a mayiyu ndani. Anatiuza kuti ndi mwana wamwamuna, onse ali bwino. Amayi anati, "Alhamdulillah," n'kufunsa ngati magazi aleka. Namwinoyo anaseka pang'ono, nati, "Agogo, zimenezo tisiyireni ife." Amayi anagwedeza mutu kuvomera.

Atatilola kulowa, anamunyamula mwanayo n'kumunong'oneza kukhutu adhana, mawu oitanira ku swala, poti panalibe mwamuna wa m'banja pafupi. Kenako anavundukula kansalu n'kuyang'anitsitsa kapulasitiki kamene anapanira mchombo. Anakagwira ndi chala, nati n'kabwino, sikangamasuke.

Tinabwerera kumudzi patatha masiku asanu. Amayi anakhalanso ndi moyo zaka ziwiri, ndipo anaperekeza amayi ena atatu asanagone pamphasa. Anamwalira mwezi wokolola mpunga, ali m'nyumba mwawo, ine ndi mlamu wanga tili pambali.